Thobwa la pa M'meto wa a Obadiya

Dziko litalandira ufulu, mzungu wa esiteti ina kuseri kwa Msakambewa analongedza katundu, nyumba n'kusiyira kapitawo wake, a Obadiya. Inali nyumba ya njerwa zootcha, ya malata ofiira, khonde lozungulira mbali zonse. A Faines, akazi awo a Obadiya, anakhalamo mpaka kuiwala kuti ndi mtengwa. Matenanti ankatunga madzi pathanki yawo, amayi a Chigwirizano ankapempherera pakhonde pawo, ndipo mwana akadwala kumakomboni, njira inkathera pakhomo pomwepo.

A Obadiya atamwalira, za utengwazo anakumbutsidwa msanga. Chuma cha malume ndi cha mwana wa mlongo wake, ndipo mwanayo anali Felton, mphunzitsi wamkulu pasukulu ya mishoni, mkulu wa mpingo wongosankhidwa kumene, munthu woti nsapato zake zinkayamba kupereka moni mwini wake asanatsegule pakamwa. Misozi isanaume n'komwe, iye anali atayeza kale mawindo ndi maso. A Faines analibe mwana. Kwawo ku Nachisaka kunangotsala bwinja ndi mtengo wa mango. Akanachoka m'nyumba ija analibe kolowera, ndipo nkhawa imeneyi inkawadya ngakhale pamaso ankaseka.

Chimene chinawasunga ndi mwambo. Mkazi wamasiye sachoka pakhomo, katundunso sagawidwa, mpaka akuchimuna atamumeta ndi kumusudzula. Woyenera kusudzula anali a Solomoni, akulu awo a malemu, nkhalamba imene kumishoni inangotengako dzina, zina zonse n'kusiya komweko. Iwo anati m'meto wopanda mowa ndi masanje a ana. Felton anati mowa ukangophikidwa m'dzina lake, mpingo umudula, sukulu nayo imuchotsa. Chaka chinatha akukokanakokana, a Faines ali kalikiliki kusonkhezera moto mbali zonse. Kwa a Solomoni ankapita ndi fodya wofwenkha n'kufunsa mwachisoni kuti, "Alamu, mng'ono wanu mudzatsanzikana naye ndi madzi?" Akakumana ndi Felton kutchalitchi ankamunong'oneza kuti, "Aphunzitsi, mpingo wonse ukuyang'ana inu. Musagonje."

Koma Felton sanapite kusukulu pachabe. Anagulira a Solomoni chikhoti cha ubweya, ndipo nkhalamba itachivala inazindikira mwadzidzidzi kuti mizimu imamwanso thobwa. Tsiku linaikidwa Loweruka. A Faines anaphika thobwalo ndi mnzawo Lenia, mkazi wa tenanti wina, misozi ikugwera m'chimera. Migolo anaiika m'nyumba yowambira fodya, yopanda zenera, mu Okutobala.

Lachisanu kunafika lole ndi tcheyamani wa chipani. Amayi ankafunika ku boma kukaphunzira magule a msonkhano waukulu. Zaka zonsezi bondo la a Faines linkatupa likangomva kulira kwa lole imeneyi, koma tsiku limenelo anali oyamba kukwera, nsalu yachipani atamanga bwinobwino. Felton anabwera wefuwefu.

"Amayi, nanga mwambo wa mawa?"

"Auzeni a tcheyamani kuti mwandiletsa kukavina," anayankha a Faines, mokweza ndithu kuti lole yonse imve.

Felton anayang'ana anyamata a malaya ofiira amene anaima pafupi ndi tcheyamani. "Pitani bwino, amayi. Mukavine mwamphamvu."

Popanda wometedwa panalibe m'meto, choncho mwambo unadikira, ndipo thobwa linadikira nawo m'kutentha muja. Lenia anatsala kuti aziliyang'anira. Ngati ankathiramo chimera china m'mawa uliwonse, palibe anamuona. Chimene anthu anaona n'chakuti njuchi zinayamba kuzungulira nyumba ya fodya ija.

A Faines anabwerako mkati mwa sabata, bondo lili bwinobwino, ndipo m'mawa mwake abale, matenanti ndi amayi a Chigwirizano anadzaza bwalo. Wolowa chuma ndiye amayamba kulawa, ndiye chipanda choyamba chinapita kwa Felton. Atangopsontha, maso anatong'oka. Anadziwa. Anayang'ana chipanda, anayang'ana malata ofiira aja akung'anima padzuwa, kenaka anatseka maso n'kugugudiza chonse.

"Thobwa labwino," anatero.

A Solomoni atalawa anangoti, "Mwana uyu ali ndi ulemu," n'kupempha china.

Amayi a Chigwirizano ananunkhiza kamodzi, anaika zipanda pansi, n'kukhala ngati ali pamlandu, maso okha akugwira ntchito. A Faines anametedwa mpala, anauzidwa kuti ndi omasuka ndipo apite kwawo mwezi ukatha. Analira zenizeni pamenepo, chifukwa sankadziwa ngati nzeru zawo zigwire. Koma Felton, pofuna kuonetsa kuti limene akumwa ndi thobwa basi, anapitiriza kulandira zipanda. Dzuwa likupendeka, ng'oma zinali zitatuluka kumakomboni, ndipo mphunzitsi wamkulu anali pakhonde, tayi ali kumsana, akuphunzitsa matenanti mavinidwe amene iye mwini sankadziwa kuti amawatha.

Nkhani inafika kwa abusa iye asanadzuke. Sabata yotsatira akulu a mpingo anamuitana, ndipo a Faines anaitanidwanso ngati mboni. Anakhala pabenchi lakumbuyo, duku atamanga mpaka m'nsidze.

"A Felton," anatero abusa, "tamva kuti munachititsa m'meto wa mowa kuesiteti. Ngati zili zoona, ukulu wa mpingo mutula lero, ndipo kusukulu tilembera. Munachititsa?"

Felton anayamba kuyeza mumtima. Nyumba inali mbali iyi, choko ndi mpando wa kutsogolo m'tchalitchi mbali inayo, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. "Abusa, kunalibe m'meto. Amalume a Solomoni anangobwera kudzacheza ndi anzawo, zakumwa zawo ine sindikuzidziwa. Ine ndinali ndi malungo, ndiye mutu unkazungulira."

"Kunalibe mwambo uliwonse?"

"Kunalibe, abusa."

"Mayi aja sanasudzulidwe?"

Pamenepo ndi pamene Felton anaona dzenje, koma mwendo unali utalowa kale. "Sanasudzulidwe," anatero, mawu ali pansipansi.

Abusa anatembenukira kumbuyo. "Mayi, inu mukuti bwanji?"

A Faines anaimirira pang'onopang'ono, bondo litayambanso kuvuta. "Ine ndine ndani kuti nditsutse mkulu wa mpingo, abusa? Ngati aphunzitsi akuti sindinasudzulidwe, ndiye kuti sindinasudzulidwe."

Abusa, amene sanali mwana, anayang'ana duku lija nthawi yaitali. Kenaka anagamula kuti popeza mphekesera zavuta chotere, Mkhristu aliyense wa banja limenelo asadzayerekezenso kuchititsa m'meto, kaya wa mowa, kaya wa thobwa, kaya wa madzi a pachitsime. Mayi akhale pomwe ali mpaka Mulungu adzawasudzule yekha.

Potuluka, a Faines anamupeza Felton atagwira njinga yake, akuyang'ana pansi. Anamumvera chisoni pang'ono, koma pang'ono pokha.

"Aphunzitsi," anatero mwaulemu, "nyumba ija ndi yanu, ine ndikungokusungirani. Ndiye lata la kuchipinda kwanga layamba kudontha. Mubwere mudzakonze mvula isanagwe, katundu wanu angawonongeke."