Sanda ya Abasi

A Harun anasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Biwi kwa zaka makumi atatu, ndipo munthu wa pamzikiti wawo akamwalira, ndiwo ankadula sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro. Sankafuna tepi yoyezera. Ankangomva dzina la womwalirayo n'kudziwa potsikira sizasi.

Uthenga wa mwana wawo Abasi unafika Lachiwiri m'mawa, mvula ikuwaza. Asilikali awiri anaima pafupi ndi makina awo osokera, navula zipewa. Abasi, yemwe anatumizidwa ku Kongo kukasungitsa mtendere pakati pa boma la kumeneko ndi zigawenga, anafa bomba litagwera pamsasa wawo.

A Harun anachita zomwe manja awo anazolowera. Maliro a Msilamu sachedwa. Anadula nsalu zitatu, natumiza mawu ku mzikiti, ndipo pofika masana amuna anali atakumba kale manda. Anali manda opapatiza, olowa munthu wopanda bokosi, okhala ndi kachipinda m'mbali momwe thupi limagonekedwa chakumanja, nkhope itayang'ana ku Maka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukira kufunsa kuti thupilo lili kuti.

Linali lidakali ku Kongo. Misewu inali yotsekedwa, akuluakulu akukambirana.

Sabata inatha, inanso n'kutha. Mvula inkadzaza manda aja, ndipo m'mawa uliwonse a Harun ankapita ndi chidebe kukakapa madzi, kuti kachipinda kaja kasagumuke. Chomwe ankafuna chinali chimodzi: kumusambitsa okha mwana wawo, kumukulunga, kumugoneka moyenera.

"Mwabwerako ku chitsime chanu?" anatero akazi awo, a Mwanamisi, powaona akulowa ndi matope mpaka m'mawondo.

"Mayi a Abasi, musayambe."

"Ndiyamba. Si inu munkayenda Biwi yense kuuza anthu kuti yunifomu yamukhala? Munachita kumubwezera thalauza m'chiuno ndi manja anuwa. Nanga a ku Kongoko anatibera chiyani ife? Ngakhale nkhuku? Eni nkhondo akukambirana m'mahotela, wanga ali mu fuliji."

A Harun anatsegula sutikesi, nayang'ana ngati chinyezi sichinalowe mu sanda.

Thupi linafika patatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi, pa galimoto ya asilikali. Bokosi linali lalikulu, lokutidwa ndi mbendera, lolemera moti onyamula asanu ndi mmodzi ankachita kupumira m'mwamba. Kuseri kwa nyumba amuna a mumzikiti anali atatchinga kale ndi nsalu, madzi ofunda ali m'ndowa.

"Tsegulani," anatero a Harun.

Mkulu wa asilikaliwo anayankha mwaulemu kuti m'kati muli bokosi lina lachitsulo lowotcherera, ndipo lamulo sililola. A Harun anabwereza mawu omwewo, mokweza. Pamenepo panatuluka msilikali wina wa bandeji padzanja, Sajeni Mackson wa ku Ntcheu, mnzake wa Abasi yemwe ankabwera kudzadya nawo mpunga pa Idi. Anawatengera pambali.

"Bambo, ine ndinalipo. Musatsegule."

"Iwe Mackson, ndasambitsa anthu ophwanyika pa ngozi za minibasi. Ndasambitsa wina atatha masiku anayi m'madzi. Ukuyesa ndingaope mwana wanga?"

"Si za mantha, bambo." Mackson anayang'ana pansi. "Mulibe choti musambitse. Mu tenti muja anali atatu. Tinatola zomwe tinapeza, n'kugawa patatu."

A Harun anapita kuseri kuja, nakhuthulira madzi ofunda aja m'ngalande, ndowa imodziimodzi.

Kumanda bokosi linakana kulowa. Okumba anatsikiramo ndi makasu kukakuza dzenje, ndipo a Harun anaonerera kachipinda komwe anakasamala masabata atatu kakugwa ndi makasu anayi okha. Asilikali anaomba mfuti m'mwamba, akhwangwala nabalalika. Anapinda mbendera bwinobwino, mkulu uja naipereka kwa a Harun, akunena kuti Abasi anafera mtendere wa Afirika.

"Tandigwirira," anatero a Harun, napatsira Mackson mbenderayo. "Manja anga ali ndi ntchito. Koma undiuze chinthu chimodzi. Mutu uli mbali iti? Tifuna nkhope iyang'ane ku Maka."

Mackson anayang'ana kuno kwa bokosi, nayang'ananso uko. Konse kunali kofanana.

"Sindikudziwa, bambo."

"Mulungu akudziwa, a Harun," anatero Shehe motsitsa mawu. "Tiyeni timuike."

"Dikirani."

A Harun anatulutsa sanda m'jumbo yomwe anaikolekera m'khwapa. Anayala nsalu yoyamba pamwamba pa bokosi, naikoka kuno, uko n'kuvundukuka. Anayala yachiwiri, yachitatu, nayesa kulumikiza. Anthu anangoonerera mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi akuzungulira bokosi, kukoka, kuwongola, kukokanso. Nsaluyo anaidulira mnyamata wochepa thupi, wamtali pang'ono kuposa bambo ake. Ngodya zinayi zonse za bokosi zinatsala pamtunda.

Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu, sanda ya a Harun inaperewera. Anatsitsa bokosilo lili choncho.