Dzuwa Saponya Pansi

1.
Makadi a njuga. Akale, otuwa m'mphepete, onunkha sutikesi. Mitundu yake inayi si ija mumaidziwa. Pali dzuwa lotuluka, chimanga, chambo, khasu. Anawapenta pamanja a Nkhwazi, wolemba zikwangwani za magolosale ku Ndirande, chaka chimene dziko linalandira ufulu. Lero ali m'manja mwa mwana wawo, Eluby, amene naye imvi zamuyamba.

2.
Mayi, tibwerekeni makadi aja, akutero a Mpinganjira, wapampando wa komiti ya chikondwerero. Tiwaika m'kabati ya galasi, ana aone mmene makolo ankakondera dziko. Nkhani yake ndifotokoza ndine. Paja bambo anu anali mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo.

Mnzawo! Anthu ena manyazi alibe, inu.

3.
Nkhani imene Ndirande yense amadziwa ndi iyi, kuti Nkhwazi anapenta dzuwa la pambendera pakhadi la njuga chifukwa chokondwa ndi ufulu, osaganiza kuti khadi saliika pansi mwaulemu koma amalimenyetsa kuti phwa, ndipo tsiku lina akusewera pakhonde analimenyetsadi m'fumbi anyamata a chipani akudutsa, iwo n'kuima, n'kuyang'ana, n'kunena kuti dzuwa saponya pansi, madzulo galimoto n'kubwera

4.
Zimene zinabwerako kundende:
bulangete,
malaya opanda mabatani,
nsapato.
Munthu ayi.

5.
Khala chete, ankatero amake a Eluby. Ufa tikudyawu abweretsa ndi a Mpinganjira.

Anakhaladi chete. Anakula chete, anakwatiwa chete, amake anawaika m'manda ali chete. Mkwiyo wokha ndiwo sunagonepo.

6.
Dzuwa saponya pansi.

Munthu amaponya.

7.
Eluby akakana, a Mpinganjira afotokozabe nkhaniyo opanda makadi. Akavomera, aifotokoza makadi ali m'manja. Konsekonse bambo ake atsala ali chitsiru chimene chinadziputira tsoka. Zinamuwawa Eluby, zinamuwawa zedi.

Ndibwera nawo ndekha, anatero.

8.
Holo yadzaza. Ana asukulu, kwaya, mbendera zapepala. A Mpinganjira atsegula kabati ya galasi, akumwetulira.

Eluby sakuika makadi mmenemo. Akuyala chitenje pansi, akukhala, akugawa: awa anu, awa anga.

Mayi, si masewera ano.

Ndi masewera, bambo. Aja simunamalize.

9.
Eluby analipo tsiku lija. Anali pamiyendo pa bambo ake, makadi awo akuwaona: chimanga, chimanga, khasu. Dzuwa analibe. Linali mbali inayo, ndipo dzanja limene linalimenyetsa pansi mokondwa linali la mlendo wawo, a Mpinganjira. Anyamata atafunsa kuti waponya ndani, dzanja lomwelo linaloza bambo ake.

Makadi ndi ake, osati anga, anatero mlendoyo.

Eluby akunena zimenezi mokweza, osathamanga, mpaka ana akumbuyo amva. Kenako akutola khadi la dzuwa, akuliika m'dzanja la a Mpinganjira. Lofiira bwino, utoto sunasuluke.

Ponyani, bambo. Masiku ano samanga.