Dzina la Pansi pa Chithunzi

Zaka fote akujambula anthu mu Paris, koma mdala Lucien Marchais analibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Zoona. Anazitulukira Lolemba, ataimbiridwa foni ndi Capucine, mtsikana amene ankakonza chionetsero cha ntchito zake.

"Bambo Marchais, tikufuna nkhope yanu pakhomo polowera. Pofika Lachisanu."

"Nkhope yanga ya chiyani? Anthu akubwera kudzaona madiresi."

"Akubwera kudzaona inuyo. Koma ya pa pasipoti ayi, ndagwira mwendo wanu."

Anakhuthula makatoni onse mu situdiyo yake. Atsikana a m'magazini, zipewa, akatswiri a zisudzo, bwana wina wopanda khosi. Iyeyo? Chigongono pagalasi. Penanso mthunzi wake pakhoma, 1987. Basi.

Kuimika kamera n'kudzijambula yekha sinali nkhani, koma iye ankati wodzijambula yekha amanama. Nanga amujambule ndani? Anayendetsa chala mu foni. Uyu anamwalira. Uyu sayankhulana. Uyu ndi dokotala wa mano. Chala chinaima pa Solange.

Solange ameneyu Lucien anamujambula zaka twente, kuyambira tsiku limene kampani ya atsikana oonetsa zovala inamubweretsa ali kamtsikana kowonda ngati bango. Tsopano panali patadutsa zaka leveni asakuonana. Ndipo kunena zoona, chithunzicho chinali pothawira chabe. Chimene mdala ankafuna n'choti tsiku lotsegulira chionetsero pakhale munthu mmodzi woima pambali pake, osati chifukwa cha ntchito.

Lachitatu masana Solange anatulukira ali wefuwefu, imvi mbuu, buledi wamtali m'khwapa.

"Masitepe akowa adzakupha, nkhalamba iwe."

"Wanenepatu."

"Ndimadya masiku ano. Unandionapo ndikudya iwe? Khala apo."

Lucien anamupatsira kamera yake yaikulu ija. Solange anaseka.

"Chitsulo chakocho usunge." Anatulutsa foni yosweka pakona.

Nthawi yake, Lucien ankadziwika ndi chinthu chimodzi: sankayankhula pojambula. Ankangokuyang'ana duu, mpaka kumwetulira kwako kutope, nkhope igwe yokha, ndiye n'kudina. Ena ankatuluka akulira. Lero Solange anachita zomwezo. Foni m'mwamba, pakamwa tseke.

Mphindi imodzi. Zitatu. Mdala anakonza kolala. Manja anasowa powaika. Anayamba kubwebweta, za bondo lake, za mpopi wodontha, za anyamata a masiku ano amene amajambula zithunzi sauzande kuti apezepo chimodzi. Solange zii. Kunja basi inadutsa, magalasi a mawindo n'kunjenjemera. Nkhani zinamuthera mdala, ndipo mawu anatuluka okha, aang'ono.

"Ubwera kotsegulira? Ndi pa 14, sikisi koloko."

Tcha! Solange anadina.

"Sunandiyankhe."

"Ndiona. Tsiku limenelo ndimakatenga adzukulu kusukulu." Anamupsompsona masaya onse awiri, n'kutola buledi wake. Khofi amene Lucien anamupangira anatsala pa tebulo osakhudzidwa.

Chithunzi chinalowa mu foni Solange asanamalize n'komwe kutsika masitepe. Nkhalamba, kukamwa yasa pang'ono, maso ngati galu amene wasiyidwa panja pa sitolo. Lucien anadana nacho. Koma ntchito ankaidziwa, chinali chabwino. Anachitumiza kwa Capucine.

Yankho silinachedwe. "Eee koma ichi ndiye nambala wani!! Wajambula ndani? Tilembe dzina lonse pansi pake."

Analemba kuti Solange. N'kuima.

Solange ndani?

Ndiponso Solange silinali dzina lake. Anamupatsa ndi a kampani aja, ati lake lenileni linkamveka lachimidzi. M'magazini ankalemba wosoka diresi, wokonza tsitsi, kenako Lucien Marchais. Wovala diresiyo ayi. Mdala ankadziwa kuti tsaya lakumanzere ndi limene limakonda kuwala. Ankadziwa kadontho kakuda kuseri kwa khutu, nsapato saizi 39, mmene ankalumira mlomo akazizidwa. Dzina, ng'oo.

Analemba meseji kwa Solange, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Kachitatu anangotumiza.

"Pepa. Akufuna dzina lako lenileni, la pansi pa chithunzi."

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Kenako kuti akulemba. Kusiya. Kulembanso.

"Ndinakuuzapo katatu, Lucien. Ukalikumbuka, pa 14 ndibwera."

Mdala anakhala pansi penipeni, bondo likulira. Anayesa maina mokweza, mmodzimmodzi, kuti mwina lina ligunda penapake. Ginette. Paulette. Marcelle. Situdiyo inangowameza. Anakoka mulu wa zithunzi za mayiyo n'kuyamba kuzitembenuza, poti kumbuyo ankalembako tsiku ndi malo. Dzanja linali lake lomwe, inki yabuluu. Solange, Biarritz. Solange, chipewa chofiira. Solange, mvula.

Zinalipo zoposa sauzande. Anatembenuza china.