Fomu ya Tiwo

Mwana wanga Tiwo atakhoza bwino giredi 12, komboni yathu yonse ya Kalikiliki inaiwala dzina lake. Pampopi ndi "ba Dokota", kutchalitchi ndi "ba Dokota". Mlamu wanga, ba Benard, anafika pomuvulira nsapato kuti awaone chala chotupa. Ine ndinkangoyang'ana. Ndimachapira anthu ku Kabulonga masiku asanu ndi limodzi pa sabata, mphamvu zokangana ndilibe.

Fomu yosankhira maphunziro a kukoleji inkafunika Lachisanu. Sabata yomweyo apongozi anga anagonekedwa kuchipatala, ndipo kumeneko wodwala amafunika wachibale pambali pa bedi, womusambitsa, womudyetsa, wokataya za m'ndowa. Onse ofuna dokotala pabanja pano anapezeka kuti atanganidwa. Ine kuntchito sakanandilola. Ndinatuma Tiwo.

Anakhalako masiku atatu mpaka agogo ake atatulutsidwa. Lachinayi nditaweruka ndinamupeza ali chilili pakhomo, maso ali gwa, ba Benard atakhala pampando wanga ndi fomu ija, cholembera kumanja.

"Zina nalemba kudala," anatero iwo. "Apa manje tifaka udokota."

"Ba ankolo, ine nifuna unesi," anayankha Tiwo.

"Unesi? Na mapointi yaja? Iwe, tinauza kudala banthu kuchechi."

"Ba dokota benze kubwela kuseni, bayang'ana pepala, bayenda. Bamene benze kutembenuza ambuya kuti basachite vilonda ni ba sisita Mwape. Bananiphunzisa kuchinja nsalu munthu ali gone. Nakwanisa, ndipo ninaikonda."

"Ndiye ufuna kunyamula ndowa moyo wako wonse?" Anatembenukira kwa ine. "Amake Tiwo, kambani naye mwana wanu."

Ndisaname, nanenso dokotalayo ndinkamufuna. Ndinkadziona ndikulowa m'tchalitchi azimayi akundisunthira pabenchi. Koma msana unkandiwawa, ndipo mpando wanga unali ndi munthu.

"Ba mulamu," ndinatero, "masiku yatatu yaja, munapondako kuchipatala?"

"Nenze na pulogilamu."

"Ehe. Leta fomu."

Ndinalakwitsa dala ulemu pamenepo, ndipo anamva. Anandipatsa. Ndinaipereka kwa Tiwo pamodzi ndi cholembera.

"Lemba wekha. Osafuta-futa, pepala ni imozi chabe."

Analemba atatsamiza pepalalo pakhoma, pang'onopang'ono ngati mwana wa giredi wani. Ba Benard ananyamuka osatsanzika, akuti akauza abale onse kuti ndawononga mwana. Akawauze. Ine ndinakhala pansi n'kuvula nsapato.