Disiki ya Hillary

Atate ake a Mainess atamwalira, m'bokosi lawo lamalata munapezeka kompyuta yakale imene anabwera nayo kuchokera ku Kitwe. Inali ndi mabatani ofiirira ndi ukalamba, kabokosi kowerengera madisiki, ndi madisiki asanu omangidwa ndi mphira. Pa imodzi panalembedwa dzina la Hillary, mlongo wake wa Mainess, amene anamira m'dzenje la madzi ku komboni ya Misisi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Banja lonse linkati anapitako yekha.

Mainess anaitana ba Whyson, okonza mawailesi pamsika wa Chawama, komboni imene iye ankakhala. Iwo anati chingwe cha makinawo n'cha eriyo, cha ma TV akale amimba aja. Anachilumikizabe ku TV yopyapyala ya Mainess, koma inafufuza kawiri osapeza kanthu. Panafunika kabokosi kosinthira chithunzi, ndipo analonjeza kubwera nako Loweruka.

Lachitatu kunabwera ba Fanwell, mng'ono wawo wa malemu, munthu amene Chawama sankaipondako ngakhale pa Khirisimasi. Anapempha makinawo, ati zinthu za womwalira sizisungidwa m'nyumba. Mainess anakana mwaulemu. M'mawa mwake anabweranso ndi thumba lonyamulira, ndipo anabwerera nalo lopanda kanthu.

Loweruka masana ba Fanwell anafikanso osaitanidwa, nakhala pampando wa pafupi ndi chitseko. Tiyi amene Mainess anawapatsa anazizira m'kapu.

Ba Whyson anabwera ndi kabokosi kosinthira chithunzi kaja, nalumikiza zingwe. TV inayamba kulira ngati mvula ya pamalata, chithunzi chikuthamangira m'mwamba. Anapotoza kawaya kena, chithunzicho chinaima, ndipo panaoneka zilembo zoyera, zonenepa chifukwa cha kukula kwa galasi. Analowetsa disiki ya Hillary. Kabokosi kowerengera madisiki kanabuula nthawi yaitali, kenako mawu anadzaza TV yonse, aakulu moti aliyense m'chipindamo akanawawerenga.

Atate analemba kuti Hillary sanapite yekha kudzenje. Mayi wina wophwanya miyala anawauza kuti anamuona atagwiridwa dzanja ndi munthu wamkulu. Mzere womaliza unathera pansi pa galasi, pa mawu akuti "munthuyo anavala".

"Zimyani, mwana wanga," anatero ba Fanwell motsitsa mawu. "Ni vakale ivi."

Chala cha ba Whyson chinaima m'malere. Mainess anawerama n'kudina batani yekha, mzere wotsatira n'kuoneka. Munthuyo anavala jekete lobiriwira la ku mgodi, limene atate anapatsa mng'ono wawo.

Ba Whyson analongedza zida zawo mofulumira, natuluka osatsanzika bwino. Ba Fanwell anaimirira, nakonza kolala ya shati pang'onopang'ono, maso ali pa madisiki.

"Vamene ivi vionongeka musanga," anatero. "Muzisunga bwino."

Atachoka, Mainess anajambula mawu a pa TV ija ndi foni, natumiza zithunzizo kwa azakhali ake ku Chaisa. Madisiki anawakulunga m'chitenje n'kukawasiya kwa mayi busa. Azakhaliwo sanayankhe. Mainess anawaimbira kawiri, foni inangolira.

Lolemba m'mawa anatseka chitseko kuti akakwere basi ya ku Chaisa. Kutsidya kwa msewu, pa benchi la wowotcherera mageti, panali ba Fanwell, chipewa chili pabondo. Anamupatsa moni ndi dzanja, naimirira kulowera komwe iye ankapita.