Zitsekerero Ziwiri mu Keni Imodzi

Bamboyo sanapereke moni. Anakankha geti la nazale ndi phewa, n'kudutsa pakati pa mizere ya machubu a mbande mpaka patebulo pomwe Nambande ankasefa dothi. Anatsitsa thireyi ya mbande kuti phi, pambali pake n'kuikapo botolo la feteleza wamadzi.

"Ziyang'aneni bwino, mayi. Ntchito ya manja anu imeneyi."

Zinali mbande za matimati, koma masamba onse anali atapiringizika, m'mbali mwake muli mouma ngati awauka ndi moto. Dzina lakuti Nambande sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi alimi chifukwa cha dzanja lake lodziwa kulera mbande, ndipo dzinalo ndi limene linkadyetsa banja lake.

"Koma izi simunagule kuno, bambo. Mathireyi anga ndi akuda."

"Ndinafesa ndekha. Malangizo ndiwo ndinatenga pa tsamba lanu la pa intaneti. Munalemba nokha kuti feteleza uyu tizithira zitsekerero ziwiri mu keni imodzi yothirira madzi. Ndinathira ziwiri. Nazale yanga yonse yapsa."

"Nanga bwanji osandifunsa?"

Bamboyo anaseka kuseka kowawa. "Kufunsa? Ndalemba ndemanga pansi pa nkhani yanuyo mpaka chala kutupa. Ndikalemba, imasowa. Ndikalembanso, imasowa. Mumatiyesa ana eti? Ine ndi wapampando wa kalabu ya alimi. Tinagwirizana kuti mbande za kabichi ndi anyezi za chaka chino tidzagule kwa inu. Loweruka tikumana, ndipo ndikawaonetsa zimene mwandichita."

Anatuluka osatseka geti. Thireyi ndi botolo anazisiya pomwepo.

Nambande anakhala pa wilibala. Kwa miyezi ingapo foni yake inali itazizira. Ogula atsopano, amene kale ankabwera akunena kuti "takuonani pa intaneti," anali atasiya kubwera. Mbande za kabichi zinali mbwee pansi pa neti, zikudikira kalabu yomweyo. Kalabuyo ikanati imukane, mbandezo zikanakulira m'machubu, ndipo nazaleyo sikanaona chaka chamawa.

Tsamba la pa intanetilo ankaliyang'anira ndi mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake. Pakhomo ankamutcha Injiniya, ngakhale sukulu ya uinjiniya ankangoidutsa pamsewu. Nambande anamupeza mu kachipinda kosungira matumba a manyowa, komwenso kanali ofesi, atatsamira thumba, maso ali pa laputopu. Anamufotokozera za wapampando uja ndi msonkhano wa Loweruka, kenako anamufunsa.

"Alamu, ndemanga za anthu zikumapita kuti?"

Injiniya sanadzutse mutu msanga. "Zili bwinobwino, alamu. Ndinazisunga."

"Munazisunga kuti?"

"Ndinakonza kuti ndemanga iliyonse iziyamba yadikira kuti ine ndiivomereze. Kunabwera ina yachipongwe, yoti mwawotchetsa mbande za anthu. Ndinaona kuti itionongera malonda. Ndiye ndinangotseka pakamwa onse. Chilonda saonetsa alendo, alamu."

"Munaziwerenga zinazo?"

"Aaa, anthu a pa intaneti n'kuwawerenga? Ndi ansanje basi. Musadandaule, ndili ndi nzeru. Ndilemba ndekha ndemanga zambiri zoyamikira, iliyonse ndi dzina lake. Wina azidzati mbande zanu n'zapamwamba, wina azidzati ndinu dokotala wa zomera. Pofika Loweruka, tcheyamani ujayo adzaoneka wabodza."

Kunena zoona, nzeruyo inamukoka Nambande pang'ono, pakuti munthu akamamira amagwira ngakhale udzu. Koma thireyi ija inali patebulo, ndipo masamba opsa sanama. Anatulutsa foni n'kuimbira mayi wina, mphunzitsi wa zamakompyuta pa koleji yapafupi, amene anawapangira tsambalo poyamba.

Mphunzitsiyo anafika masana, atangotuluka m'kalasi. Anasuntha thumba la manyowa, n'kukhala patsogolo pa laputopu. Choyamba analemba m'makina ofufuzira mawu akuti "kulera mbande za matimati."

"Pamene ndinkakusiyirani tsambali, linkatuluka pamwamba penipeni," anatero. "Taonani lero."

Anatsika, n'kutsika, n'kutsegula tsamba lachiwiri la zotsatira. Nazale ya Nambande inali kumunsi, kumene munthu wofulumira safikako. Pamwamba panali bwalo lina la pa intaneti lomwe alimi amachezerapo. Mutu wa nkhani yawo unali wochenjezana za malangizo a Nambande.

"Mwaona, a Injiniya?" anatero mphunzitsiyo. "Munawatsekera pakhomo panu, iwo akakambira kwa aneba. Kumeneko simungayankhe, simungafufute."

Injiniya anakanda kumutu. "Koma tsamba lathu ndi loyera, aphunzitsi. Palibe chipongwe ngakhale chimodzi."

"Ndi loyera ngati sitolo yopanda ogula. Palibe amene amadziwa zonse za mmene makinawa amasankhira masamba, ndipo amene angakuuzeni kuti amadziwa zonse akukunamizani. Koma china chake n'chodziwika: amafuna kupatsa munthu tsamba limene limuthandize. Mlimi akafunsa pa ndemanga kuti masamba akuchita chikasu chifukwa chiyani, inu n'kuyankha, tsamba lanu lapeza mawu enieni amene alimi ena amafufuzira. Wofunsayo amabweranso kudzaona yankho, ena amakhalitsa akuwerenga, ena amatumizira anzawo. Tsamba limakhala lamoyo. Inu munalitseka pakamwa."

"Ndiye ndilembe zanga zija," Injiniya anayesanso.

"Zabodzazo? Anthu amazizindikira. Zonse zimayamikira mofanana, palibe yofunsa funso. Akakugwirani, ndiye kuti dzina lathera pomwepo. Tiyeni tione kaye zimene munabisa."

Anatsegula. Ndemanga zinali mulu. Zina zinalidi zinyalala, za anthu otsatsa mankhwala achilendo ndi njuga. Zina zinali mafunso abwinobwino a mbewu ndi dothi, amene anangofera pomwepo opanda yankho. Za wapampando uja zinalipo, ukali wake ukukwera ndemanga ndi ndemanga. Kenako mphunzitsiyo anawerenga mokweza ina yofatsa: "A Nambande, kodi mwaona kuti botolo latsopano lili ndi chitsekerero chachikulu? Mwina mukonze muyezo wanu."

Nambande anadzambatuka. Iye feteleza ankagula wa m'chigubu chachikulu, n'kumatsanulira mu botolo lake lakale lomwe anakhala nalo zaka. Botolo latsopano anali asanaligwirepo. Anathamanga kukatenga lake, n'kutenganso lija anasiya wapampando. Anachotsa zitsekerero zonse n'kuziika pamodzi patebulo. Chakecho chinalowa chonse m'kati mwa chatsopanocho, malo n'kutsala.

Onse anawerama kuyang'ana zitsekererozo.

"Ndiye kuti amene wathira ziwiri zazikuluzi..." Nambande sanamalize.

"Ilipo ina," anatero mphunzitsiyo, mawu atatsika. Inali ya mayi wina, yolembedwa masabata angapo m'mbuyomo: "Mayi, mawa ndithira feteleza. Chitsekerero mukunenacho ndi chachikuluchi? Chonde ndiyankheni. Mbewu ina ndilibe."

Nambande misozi inalengeza. Chimene chinamuwawa kwambiri si kulakwitsa muyezo, pakuti kulakwa ndi kwa aliyense. Chinamuwawa n'chakuti munthu anagogoda pakhomo pake mwaulemu, iye ali m'kati osamva.

"Zitulutseni zonse," anatero Nambande. "Za njuga zokha fufutani."

"Alamu!" Injiniya anaimirira. "Ndi za tcheyamani zomwe? Aliyense aziwerenga kuti munawotchetsa mbande? Mukudzikumbira dzenje nokha!"

"Dzenje munakumba kale ndinu, alamu. Ine ndikufuna potulukira."

"Wakutsina khutu ndi mnansi," anaonjezera mphunzitsiyo. "Kusefa ndemanga si kulakwa. Zotukwana ndi zotsatsa zachinyengo muzichotsa. Koma wodandaula ndi wofunsa, amenewo muziwayankha, ndipo muziwayankha poyera."

Anajambula chithunzi cha zitsekerero ziwiri zija zili pamodzi. Nambande anakonza nkhani yake, muyezo n'kuulemba m'mamililita monga zinalili pa botolo, osatinso m'zitsekerero. Pamwamba penipeni anauza Injiniya kuti alembe mawu ake momwe ankawayankhulira: kuti analakwitsa, kuti ndemanga zinabisidwa pakhomo pake ndipo mlanduwo ndi wake, ndiponso kuti aliyense amene mbande zake zinapsa abwere adzatenge zina kwaulere. Injiniya ankalemba nkhope ili gwaa, koma analemba. Kenako Nambande anayamba kuyankha mafunso aja limodzi ndi limodzi, mlamu wake akulemba, mpaka zala za Injiniya zinachita dzanzi.

Masiku otsatirawo anali olemera. Nambande ankathirira mbande foni ili m'thumba la epuloni, ikangonjenjemera keni n'kuiika pansi. Ndemanga zoyamba zinali zaminga. Wina anati kupepesa sikumeretsa masamba. Wina anafunsa ngati mbande zaulerezo nazonso zibwera ndi zitsekerero ziwiri. Injiniya ankayenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira, akung'ung'udza kuti ananena. Nambande ankayankha aliyense mofatsa. Pang'onopang'ono anthu anayamba kuyankhana okhaokha. Wina anaika chithunzi cha mbande zake zomwe zinapulumuka atazithirira madzi ambiri, ena n'kumufunsa mmene anachitira.

Mayi wa funso lija anayankha mawu ochepa: "Mwachedwa, mayi. Zinapsa."

Nambande anamulembera kuti thireyi ya matimati ikumudikira. Anasankha yabwino kuposa onse n'kuiika payokha pamthunzi.

Loweruka dzuwa linapendeka popanda uthenga. Nambande anasesa panazale pomwe panali posesa kale. Geti litalira, anatembenuka tsache lili m'manja. Anali wapampando uja, ndipo ulendo uno anapereka moni.

"Tawerenga zonse pamsonkhano, mayi. Zinavuta. Ena amati tikusiyeni. Koma wina anafunsa kuti, kodi ndi wamalonda uti amene anasiyapo mawu aukali ngati anga aja pa tsamba lake kuti aliyense aziwerenga? Ndiye tagwirizana chonchi: kabichi titenga kwa inu. Anyezi tikagula kwina, chaka chamawa tidzaona."

Sizinali zonse zimene Nambande ankayembekezera, koma zinali zokwanira kuti nazale ipume. Anathokoza. Bamboyo ananyamula mathireyi ake a matimati olowa m'malo mwa opsa aja, ndipo potuluka anatseka geti.

Tsamba silinakwere tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma miyezi itapita, mafunso ndi mayankho atachuluka pansi pa nkhani iliyonse, nazaleyo inayambanso kuoneka pa tsamba loyamba la zotsatira, ndipo ogula achilendo anayambiranso kufika. Ambiri ankati chimene chawakoka ndi mmene mwini wake amayankhira anthu. Injiniya, amene tsopano ankawerenga ndemanga m'mawa uliwonse keni isanagwidwe, anayamba kuuza anzake kuti nzeruyo inali yake.

Mayi uja yekha ndiye sanabwere. Thireyi yake inakhala pamthunzi mpaka mbande zinatalika, kupindika, n'kuyamba maluwa zili m'tizibowo tawo. Tsiku lina Injiniya analoza ndemanga yake ija pa laputopu.

"Alamu, zinthu zili bwino tsopano. Iyi yokha ya 'Mwachedwa' ndiichotse? Imandibaya."

Nambande anayang'ana thireyi ija pakhomo, kenako anayang'ana mlamu wake.

"Isiyeni pomwepo. Izitibaya tonse."

Phunziro: Ndemanga za owerenga ndi maso ndi makutu a tsamba lanu. Zimakuonetsani pomwe mwalakwitsa, zimabweretsa anthu mobwerezabwereza, ndipo zimathandiza kuti ofufuza akupezeni. Chotsani zinyalala zokha, musapeke zoyamikira zabodza, ndipo wofunsa muyankheni lero, chifukwa mawa akhoza kukhala atathira kale.