Magazi a msodzi wa kwa Mbenje

Pofika mu 1978, a Sebastiano, msodzi wa kwa Mbenje, anali atalandira mankhwala a likodzo katatu konse, koma magazi mumkodzo osaleka. Iwo sadade nazo nkhawa. Kumeneko mwamuna woponda m'dambo akakodza magazi, anthu amangoti ndi likodzo basi. Ululu panalibe, bwato ankapalasa ngati kale. Amene adakana kuzolowera ndi akazi awo, a Emelia, chifukwa pochapa ankapeza madontho ofiira pakabudula tsiku ndi tsiku.

Adawaumiriza kupita kwa a Anderson, dokotala amene anali atangofika kumene pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Iwowa adayeza mkodzo masiku atatu osapezamo mazira a likodzo. Kenako adafunsa ngati magaziwo amabwera poyamba kukodza kapena pomaliza. A Sebastiano adachita manyazi n'kuyang'ana kudenga.

"Amadontha okha, ngakhale asakukodza," adayankha a Emelia.

A Anderson adati magazi a likodzo amabwera pomaliza, tsono awa anali ndi gwero lina. Adalemba kalata yoti apite ku Blantyre.

Adakwera sitima ku Nsanje, makhadi a chipani ali m'thumba limodzi ndi kalatayo. A Sebastiano anali asanadutsepo Chiromo, ndipo njira yonse adaithera pazenera, akudabwa kuti anthu amalima bwanji m'mapiri.

Kuchipatala chachikulu adawabaya jakisoni wochititsa dzanzi, dokotala n'kulowetsa kachipangizo kowonda kokhala ndi nyale m'njira ya mkodzo. Adapezamo kachotupa ka timitsempha ta magazi, kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo adakawotcha ndi kawaya ka magetsi. Pambuyo pake dokotalayo adawauza kuti pa zaka zake zonse za ntchito, koteroko adangokaonapo kawiri. A Sebastiano zidawakomera zedi, moti adafotokozera wodi yonse, bedi ndi bedi.

Masiku oyamba kukodza kunkawawa ngati tsabola, koma patatha sabata ziwiri mkodzo udayera. Atabwerera kumudzi adawamba milamba isanu ikuluikulu n'kupita nayo kwa a Anderson limodzi ndi a Emelia.

"Takhuta, adokotala," adathokoza motero a Sebastiano m'chiyankhulo cha kwawo. "Munaonera kuno zinthu zobisika mpaka ku Blantyre."

"Muthokoze amayiwa, ndiwo adanena zoona," adatero a Anderson. Adatengako milamba itatu, iwiri n'kubwezera a Emelia.